Chipinda Chimodzi Lero, Maziko a Nyumba Yonse

Mawu amene mmodzi wa amayi oyambitsa bungwe lathu anayankhula pa mwambo wokumbukira kubadwa kwa bungweli, ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam

 Tithokoze Mulungu kuti tonse tafika bwino, poti msewu wa Mbeya tikuudziwa tonse mmene umathyolera msana.

A komiti atandiuza kuti ndiyankhule lero, ndinkayesa andipatsa nkhani ya chiwongoladzanja kapena ya mavuto a pa boda, zomwe timakanganirana pa msonkhano uliwonse. Koma anati ndiyankhule za nyumba. Ndinawauza kuti ine si mmisiri, ndimagulitsa zitenje. Iwo anati, “Inu mayi munamanga nyumba kawiri pa puloti imodzi, ndiye palibe angakuposeni.” Ankandiseka, koma sananame, ndipo nkhaniyo ndifikako.

Ndiyambe ndi funso loti aliyense ayankhe chamumtima. Pa zaka zonse zimene mwakhala mukuwoloka pa Songwe kapena pa Tunduma, ndi mabelo angati adutsa m'manja mwanu? Nanga mukafika kwanu usiku, mumagona pansi pa denga la yani? Aliyense amene anasungako buku la gulu akudziwa kuti timabwereka ndalama pa zifukwa zitatu: mpamba, fizi ya ana, ndi lendi. Mpamba umabwera ndi phindu. Fizi mumadzaiona mwa mwana. Lendi ikapita yapita. Tilipo ena muno amene tikati tiwonkhetse zonse zomwe tapereka kwa a landilodi, tipeza kuti tinawamangira kale nyumba ina.

Ndikudziwa chimene mukuyankha: nyumba ndi ndalama zambiri. N'zoona. Koma chimene ndabwera kudzanena n'chimodzi: nyumba sifuna ndalama zonse tsiku limodzi. Imatheka kumangidwa mmene timaponyera masheya, pang'onopang'ono, bola pulani ndi maziko zikhale za nyumba yonse kuyambira tsiku loyamba. Umboni wa ubwino wake, ndi umboni wa kuopsa kwake tikalakwitsa, zonse zili m'misewu yomwe yatizungulirayi.

Dzina lakuti Kariakoo linachokera ku mawu achingerezi akuti Carrier Corps, gulu la anthu onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Kwathu anthu otere ankatchedwa amtengatenga, ndipo agogo athu ambiri a ku Nyasaland anatengedwa mokakamiza kukagwira ntchito imeneyo, ena osabwerera. Ndiye tikamasenza mabelo mu msewu wa Congo kapena wa Msimbazi, tidziwe kuti dzina la malo ano ndi la anthu osenza katundu ngati ife. Atsamunda anagawa mzinda uno patatu: azungu cha kunyanja, amwenye pakati, anthu akuda kuno, ndipo bwalo la Mnazi Mmoja analisiya lopanda nyumba kuti likhale malire. Kariakoo anamudula m'mapuloti ofanana, m'misewu yowongoka imene tikuyendamo mpaka lero.

Pa mapuloti amenewo anthu anamanga nyumba zomwe anzathu kuno amati nyumba za Chiswahili. Zina zikuonekabe ku Ilala ndi ku Magomeni, ndipo zingapo zatsalira kuno zopanikizidwa pakati pa nyumba zitalizitali. Kutsogolo kuli khonde, pakati pali kanjira, zipinda zitatu mbali iyi, zitatu mbali iyo, kuseri kuli bwalo lotchingidwa komwe kuli khitchini, bafa ndi chimbudzi. Mwini nyumba ankagona m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, zotsalazo n'kuikamo anthu a lendi. Ndalama ya lendiyo ndi imene inkachotsa denga la masamba a kokonati n'kuikapo malata, kenaka n'kusintha khoma la mitengo ndi dothi kukhala la simenti. Olemba mbiri ya mzinda uno amati pakati pa eni nyumbazo panali amayi ochuluka ndithu, anthu a geni zing'onozing'ono monga zitumbuwa, nsomba ndi mowa. Analibe banki yowakongoza. Anali ndi chipinda chimodzi chimene chinkabereka chinzake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasulidwa, malo kuno anakwera mtengo koopsa. Nyumba zakale zija zinayamba kugwetsedwa, m'malo mwake n'kumera zosanjikizana zomwe eni kuno amati ghorofa: pansi mashopu, kunsi kwa nthaka mosungira katundu, pamwamba malo ogona alendo ngati ife. Kalembera wa 2022 anapeza kuti Dar es Salaam ili ndi anthu oposa 5 miliyoni. Anthu ochuluka chonchi sangakwane onse pa nyumba zapansi, choncho kumanga mosanjikiza si kulakwa. Ndipo luso lomanga bwino lilipo. Msika waukulu wa Kariakoo, umene anajambula katswiri wa konkuno Beda Amuli ndipo unatsegulidwa mu 1975, unapangidwa ndi denga lotunga madzi a mvula ndi kutulutsa mpweya wotentha. Munthu ameneyo anayamba waganizira dzuwa ndi mvula ya kuno asanaike mwala woyamba.

Koma tonse tikukumbukira Loweruka la pa 16 November 2024. M'mawa umenewo, mashopu atangotsegulidwa, nyumba ya nsanjika zinayi inagwa pa mphambano ya misewu ya Mchikichi ndi Congo. Anthu osachepera 29 anamwalira, ena ambiri anavulala. Tsiku limenelo mafoni athu sanapume, aliyense akufunsa kuti mnzathu uje ali kuti, anakaoda mbali iti. Nyuzipepala zinalemba kuti kunsi kwa nyumbayo kunkakumbidwa pofuna kuwonjezera malo a malonda. Pulezidenti Samia Suluhu Hassan analamula kuti nyumba zonse za ku Kariakoo ziunikidwe. Sikanali koyamba mumzinda uno: mu March 2013 nyumba ya nsanjika 16 imene inkamangidwa mu msewu wa Indira Gandhi inagwanso n'kupha anthu oposa 30.

Tsono taonani, amayi. Nyumba ya Chiswahili ija inkamangidwa pang'onopang'ono. Nyumba zambiri zosanjikizana nazonso zimawonjezeredwa pang'onopang'ono: lero shopu ina, mawa chipinda cha pansi, mkuja nsanjika ina. Kusiyana kwake kuli pati? Yoyamba ija mwini wake ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti idzathera pa zipinda 6, ndipo chilichonse chinali ndi malo ake odikira. Inayi imasenzetsedwa katundu amene maziko ake sanapangidwire. Ife nkhani ya katundu wopyola muyezo timaidziwa. Lole ya matani 10 mukaipachika matani 20 imanyamuka ndithu, ndipo pa chigwa imathamanga bwinobwino. Koma pa Kitonga kapena pa Chiweta ndi pamene imakuuzani zoona.

Akatswiri a zomangamanga masiku ano akulankhula kwambiri za nyumba zomangidwa m'zigawozigawo zofanana. Kumaiko olemera chipinda chathunthu chimapangidwa ku fakitale, n'kubwera pa lole, n'kudzangosanjidwa ndi makina. Zimenezo ife sitinafikepo. Koma nzeru yake si yachilendo, ndi nzeru ya chikombole. Njerwa zimalukana bwino chifukwa zonse zatuluka m'chikombole chimodzi. Chimodzimodzi, zipinda zikakhala za muyezo umodzi, zitseko ndi mawindo za muyezo umodzi, malata a utali umodzi, ndiye kuti mungathe kugula felemu lero n'kudzaigwiritsa ntchito chaka chamawa, mungathe kugula pamodzi ndi anzanu pa mtengo wa pikulitsa, ndipo mmisiri sadula kapena kutaya kanthu. Chigawo chilichonse chikatha, munthu amalowamo n'kumagona, chinacho chikudikira.

Anthu osauka ngati ife anachitapo kale zimenezi, konkuno. Cha m'ma 2007 boma la Tanzania linayamba kusamutsa anthu ku Kurasini pofuna kukulitsa ntchito za doko. Eni nyumba analandira chipukutamisozi, koma a lendi sanalandire kanthu. Anthu a lendiwo anali kale m'magulu osunga ndalama, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la Centre for Community Initiatives anapanga kopaletivi ya Muungano. Anthu pafupifupi 300 anasonkha ndalama n'kugula maekala 30 ku Chamazi. Anakambirana ndi akuluakulu a boma kuti awalole mapuloti ang'onoang'ono kusiyana ndi amene malamulo ankafuna, anaphunzira kuumba okha njerwa zolumana zimene sizidya simenti yambiri pomanga, ndipo nyumba zinkayamba zazing'ono zoti zidzakula.

Kwathunso ku Malawi zinachitika. Mu 2003 amayi a ku Mtandire ku Lilongwe anayamba kusunga ndalama pamodzi, ndipo gululo linakula kukhala Malawi Homeless People's Federation, likugwira ntchito ndi bungwe la CCODE. Thumba lawo la nyumba analitcha Mchenga, dzina lonena lokha: kamchenga kamodzi si kanthu, koma palibe khoma lomwe limaima popanda mchenga. Makhonsolo anawapatsa malo, ndipo anamanga nyumba ku Area 49 ku Lilongwe, ku Mchengautuwa ku Mzuzu, ndi zoposa 400 ku Angelo Goveya ku Blantyre. Anagwiritsa ntchito zidina, ndipo amayi eniake ndi amene ankaumba, kutunga madzi ndi kuyang'anira ntchito. Inu a ku Blantyre, nyumba zimenezo mumazidutsa.

Pali phunziro limodzi lowawa pa nkhani ya Chamazi. Malowo ali kutali ndi doko ndi misika kumene anthuwo ankapezera chakudya. Nyumba yotchipa imene ili kutali ndi geni yanu si yotchipa ayi, chifukwa zomwe mwapulumutsa pa lendi zimathera pa daladala. Ku dziko la Chile, mumzinda wa Iquique, katswiri wina dzina lake Alejandro Aravena anakumana ndi vuto lomweli mu 2004. Mabanja 93 ankakhala pa malo odula pakati pa mzinda, ndipo ndalama za boma sizikanakwana kugula malowo n'kumanganso nyumba zathunthu. Iye anasankha kuti anthuwo asasamuke. Anawamangira theka la nyumba, koma theka lovutalo: zipilala, khitchini, bafa ndi masitepe, n'kusiya mipata yoyezedwa kale yoti banja lililonse lidzadzazemo zipinda likapeza ndalama. Ndiye mumzinda wodzaza, ndi bwino kapuloti kakang'ono pafupi ndi msika, ngakhale mugawane khoma ndi mnzanu, kusiyana ndi chimunda chachikulu komwe minibasi sifika.

Tsopano nkhani yanga ija. Nditagula puloti ku Mzuzu ndinalibe pulani ya pa pepala, inali m'mutu. Ndalama ndinkatumiza kwa m'bale wanga ndili kuno, iye n'kumapatsa mmisiri. Chaka choyamba tinamanga zipinda ziwiri pa maziko osaya, poti ndinkafuna kulowamo msanga. Geni itayenda ndinawonjezera chipinda chachitatu chachikulu kuposa zinazo, kenaka kashopu kutsogolo, chilichonse ndi mmisiri wake ndi muyezo wake. Malata ankachita kudulidwa kuti akwane, zitseko zitatu zonse zosiyana. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa. Pa dzinja lachitatu mng'alu unatsika pamene khoma latsopano linakumana ndi lakale, waukulu woti dzanja kulowa. Usiku wina ndinadzutsa ana n'kukagona nawo kwa aneba. Tinagwetsa mbali yonseyo. Ndinabwerera pa lendi, ndili ndi ngongole ya gulu kumsana, ndipo ena mwa inu mukukumbuka kuti munandiyembekezera miyezi ingapo. Safunsa anadya phula. Ndalama imene ndinkakana kulipira wojambula pulani inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene inakwiririka m'zigumukire zija.

Pa zipangizo ndinene mwachidule. Njerwa zootcha zatithera mitengo, ndipo kuyambira 2018 malamulo a ku Malawi saloleza kuzigwiritsa ntchito pa zomanga za boma ndi za malonda. Njira zina zilipo: mabuloko a simenti, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa pa makina, ndi njerwa zolumana zija. Zonsezi gulu la amayi lingathe kuumba lokha likaphunzitsidwa. Chinsinsi chake n'kusaba simenti posakaniza, ndi kuthirira mabulokowo kwa sabata yathunthu osawathamangitsira pa khoma. Ndipo musanagule puloti funsani kumene madzi amadutsa. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa ndi misozi ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, ndipo kuno mumaona nokha zimene mtsinje wa Msimbazi umachita pa Jangwani chaka ndi chaka. Puloti yotchipa modabwitsa imakhala ndi chifukwa chake.

Ndiye pempho langa kwa bungwe lathu lili ndi mfundo zisanu.

Choyamba, titsegule thumba la nyumba losiyana ndi thumba la mpamba. Pa masheya 10 aliwonse amene membala waponya, imodzi izipita kumeneko, ndipo thumba limenelo lisamagawidwe pakutha pa chaka.

Chachiwiri, tilipire katswiri mmodzi wovomerezeka atijambulire pulani imodzi ya nyumba ya zipinda zofanana, yomangidwa m'magawo atatu. Gawo loyamba: maziko a nyumba yonse, chimbudzi, ndi chipinda chimodzi chokhala ndi denga ndi chitseko. Gawo lachiwiri: chipinda china, chimene chingalowe wa lendi kuti chithandize kubweza ngongole. Gawo lachitatu: zotsalazo. Amene akufuna kudzasanjikiza anene pachiyambi, kuti injiniya awerengere maziko ndi zipilala zake, osati kudzaganiza nyumba itaima kale. Aliyense akadutsitse pulaniyo ku khonsolo ya kwawo, poti nthaka imasiyana.

Chachitatu, ngongole ya nyumba izituluka gawo ndi gawo, ndipo izipita kwa wogulitsa zipangizo, osati m'chikwama cha membala kapena cha m'bale wake. Gawo lotsatira lisatuluke mpaka amayi awiri a gulu atapita kukaona ndi maso kuti loyamba latha.

Chachinayi, tizigula pamodzi, ndipo tisasunge ndalama za nyumba nthawi yaitali zili ndalama. Tonse tikukumbukira November 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama zimene tinasunga n'kupepuka tili mtulo. Malata, mafelemu ndi zitsulo sizichepetsedwa mphamvu. Simenti yokha ndiyo isagulidwe msanga, chifukwa ikakhalitsa imauma m'thumba.

Chachisanu, chikalata cha malo chikhale m'dzina la membala, kapena la iye ndi amuna ake pamodzi, ndipo aliyense alembe wilo. Takhalapo pa maliro pomwe mayi amene anasenza mabelo zaka zambiri akuuzidwa ndi akuchimuna kuti atuluke. Kwa inu amene mukukhala kuno koma si nzika za Tanzania, dziwani kuti malamulo a dziko lino salola mlendo kukhala ndi malo mwachisawawa. Dalali asakunamizeni kuti mugule m'dzina la munthu wina. Kamangeni kwanu.

Ndikudziwa kuti ena mukuti mpamba uchepa. Uchepadi, sindikunamizani. Sheya imene yapita ku thumba la nyumba siikaoda zitenje, ndipo pa kugawana kwa December envelopu idzapepukako. Pali amayi ena amene pakadali pano geni yawo ikupuma movutikira, ndipo kwa iwo ndikuti musakakamizidwe, yambani mwaimika geni. Thumbali likhale la ofuna okha, komanso a mbiri yabwino yobweza. Koma kwa amene mwakhazikika, dzifunseni kuti tsiku limene mawondo adzakane kukwera basi ya maola ochuluka chonchi, mudzadya chiyani ndipo mudzagona kuti. Chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba yanu ndiyo penshoni ya mayi wa geni.

Ndisanakhale pansi, kanthu kena kokhudza mawa lomweli. Ambiri a ife tigona ndi kusunga katundu m'nyumba za kuno zimene sitinamange ndife. Tiyeni tizitsegula maso. Mukaona ming'alu pa zipilala, mukamva kuti kunsi kukukumbidwa anthu akugulitsa pamwamba, mukaona khoma lagumulidwa kuti shopu ikule, mukapeza kuti potulukira ndi pamodzi pokha ndipo padzaza mabelo, tulukani, ndipo lembani pa gulu lathu la WhatsApp kuti anzanu adziwe. Chipinda chotchipa chisatigulitse moyo. Ana akutidikira kunyumba.

Amayi a Pampando, ndikupempha kuti mfundo zisanuzi zipite ku magulu onse, akazikambirane m'makonde mwawo, ndipo pa msonkhano waukulu ukubwerawu tidzavote. Ngati n'kotheka, tidzasankhe amayi ochepa oti ayambe, ena tonse tikuonera ndi kuphunzira pa zolakwa zawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bungwe lino lasenza kale zolemera kuposa apa: fizi za ana athu, maliro athu, ndi ngongole yanga ija.